Makina a Verna

Magetsi anazima Lachiwiri, lero ndi Lachisanu.
Chipale chofewa chakwirira zenera mpaka pakati,
doko lonse lili zii, kupatula mphepo
ndi ine, Eldred Pardy, msodzi wopuma,
ndikuponda makina a malemu mkazi wanga
ngati mwana wophunzira njinga.

Makinawa anafika kuno ku Newfoundland pa bwato,
amayi ake a Verna atalipira ndi nsomba zamchere,
migolo itatu, ena amati inayi.
Maluwa agolide a pakhosi pake anafufutika
pomwe dzanja limagwira. Chatsala ndi chitsulo,
chakuda, chozizira ngati nangula.
Za magetsi safunsa. Amangofuna mwendo
ndi kadontho ka mafuta m'timabowo take.

Zaka makumi anayi ndinkamva phokosoli ndili chigonere,
gwede gwede gwede kuseri kwa khoma,
n'kumati ndi ntchito yopepuka.
Lero chidendene chikatsika msanga, gudumu libwerera m'mbuyo,
ulusi uduka,
pansi pa nsalu pamera chisa cha mbalame.
Verna akanaseka mpaka kutsokomola.

Anasiya zigamba makumi asanu ndi limodzi m'chitini cha mabisiketi,
zolumikiza theka, singano ili chilasire pa chomaliza.
Ndazizindikira:
malaya anga ofiira a chaka chomwe anatiletsa kupha nsomba,
diresi la Maxine la tsiku loyamba sukulu,
nsalu ya pazenera la kukhitchini yomwe inapsa ngodya,
thumba la ufa, zilembo zikuonekabe ukaunika.
Pali kansalu kobiriwira komwe sindikukadziwa.
Ndakatembenuza katatu, ndakanunkhiza,
ndakasokera momwemo.
Munthu sum'maliza, ngakhale mufunde chofunda chimodzi.

Dzulo lamba wachikopa anaduka.
Hedley Snook anabwera ndi fosholo kudzaona ngati ndikupuma,
anandipeza chogwada, ndikuboola lamba ndi msomali,
ndikum'manga ndi chingwe cha ukonde, mfundo ya panyanja.
"Mwayamba utelala, a Pardy?"
Ndinati, maukonde tinkasoka aja anali chiyani?
Anamwa tiyi. Kenako anagwira ngodya ya nsalu
kuti isakokere pansi,
n'kukhala mpaka mdima, osanenanso kanthu.

Pakati ndaika bulangeti lakale la ubweya.
Likamalowa pansi pa singano makina amabuula,
ndathyola singano ziwiri, yachitatu ndikuinyengerera.
Zala zomwe zinkakoka chingwe chonyowa m'bandakucha
zikulephera kulowetsa ulusi m'kabowo;
ndimanyambita, ndiphonya, ndinyambitanso.

Maxine ali ku Alberta, kumigodi ya mafuta,
ndi woyembekezera, miyezi isanu ndi iwiri.
Pafoni amati, Ababa, zofunda zili mbwee m'sitolo,
musadzivutitse. Ndimati eya.
Sindimuuza kuti ngodya zanga sizikumana,
kuti msoko wa amake ndi wowongoka ngati chingwe chokoka,
pomwe wanga ukuyenda ngati bwato la chidakwa.
Mwanayo akadzakula adzaloza ndi chala:
apa anasoka wina, apa wina.
Sindiphwasula.

Nyali ikutha mafuta. Bondo lakumanzere likudandaula.
Pa chopondera pali malo awiri osalala, owala,
pomwe mapazi a Verna anadya chitsulo.
Anga ndi aakulu, amasefukira,
koma ndikavula nsapato, chala chachikulu chimapapeza.
Ponda, leka. Ponda, leka.
Akadzayatsa magetsi firiji idzayamba kung'ung'udza,
wailesi idzandiuza za nyengo yomwe ndaiona kale pazenera,
ndipo sindikufulumira nazo.
Zatsala zigamba khumi ndi zinayi,
bobini yatha ulusi,
ndipo magalasi anga
ndawaikanso pena pake.