Tsamba Limodzi, Mazana Atatu

Pa Mpondabwino, kuseri kwa okonza njinga,
pali kachipinda ka Asiyatu:
kompyuta imodzi, makina osindikizira okhosomola,
ndi mtengo wolembedwa ndi choko pachitseko,
tsamba limodzi, makwacha mazana atatu.

Ndinabwera ndi makope asanu m'jumbo,
zaka zinayi za usiku
zolembedwa pa kuwala kwa foni magetsi akathima ku Chikanda.
Anawerenga masamba ndi chala chamalovu
nandiuza mtengo wake.
Ndinatuluka panja kukayang'ana phiri.
Phiri silinandibwereke kanthu.

Ndinabwerera kunyumba ndi cholembera chofiira.
Ndinayamba ndi mvula:
pa masamba atatu a mvula ya ku Mulunguzi
ndinasiyapo dontho limodzi, pa kolala ya wapolisi.
Ndinachotsa ukwati wonse, ankhoswe, mbuzi ziwiri, kwaya,
ndi amalume oledzera aja ndinkawakonda.
Mawu oti "kwambiri" ndinawapeza malo makumi anayi
atabisala ngati nsikidzi m'mphasa,
ndipo ndinawatswanya ndi chikhadabo.
Nkhani inawonda, koma inayamba kuyenda msanga
ngati mayi wotsika ku Chawe akatula nkhuni.

Ndalama sizinakwanebe.
Ndiye Lachiwiri lina ndinapha Che Mbwana, telala,
pa tsamba 80.
Anayenera kufika kumapeto,
kusoka diresi la mwana wake, kukhululukira mng'ono wake,
koma moyo wake unali masamba makumi awiri
ndipo ine ndinalibe zikwi zisanu ndi chimodzi.
Ndinamugunditsa lole pa mlatho wa Likangala.
Mizere iwiri, basi.

Asiyatu anasiya kutayipa.
"A Kalitsiro, uyu mwamupheranji?"
Ndinati ndi mmene moyo ulili.
"Bodza. Apa walemba ndi thumba lanu, osati inu."
Anatembenuza kope, napeza masamba ndinawakhwatcha aja,
nawatayipa onse, mvula ikugogoda malata,
osawerengera.
"Mudzandipatsa buku likagulidwa.
Ine ndikufuna ndione diresilo."

Tinasindikiza mabuku zana
ndi ngongole ya mkazi wanga ya ku banki m'khonde.
Akusitolo anati siyani asanu, tiona.
Aphunzitsi anafunsa ngati lili pa silabasi.
Mnzanga wa ku ofesi anati, ndipatse laulere, si ndife amodzi?
Ndagulitsa khumi ndi awiri.
Otsala ali m'katoni pansi pa bedi
kumene chiswe chayamba kale mutu woyamba,
owerenga okhawo osadumpha tsamba.

Dzulo mumsika ndinagula mtedza wokazinga.
Mayi wake anandikulungira m'pepala,
ndipo pakona, pansi pa mchere ndi makoko,
ndinaona Che Mbwana akulowetsa ulusi m'singano,
tsamba 91, wamoyo,
lilime panja pang'ono monga ndinamulembera.
Ndinaima pakati pa njira, akabaza akundiimbira belu,
ndikuwerenga ngati kalata yochokera ku Joni.
Pa chiganizo chachitatu ndinaipeza:
"kwambiri."
Nsikidzi imodzi inapulumuka.

Sindinawafunse mayiwo kuti bukulo analipeza bwanji,
kapena ngati anawerengako asanang'ambe.
Ndinadya mtedza wanga, ndinapinda pepala,
ndinadzera kwa Asiyatu kukachepetsa ngongole ndi zikwi ziwiri.
Anazilandira osachotsa maso pa kalata ya wina yofunsira ntchito.
"Nanga mng'ono wake uja,
atakhululukidwa analowera kuti?"
Ndinati sindikudziwa.
"Makope akugulitsa pa golosale apo," anatero.
"Koma mvula musaichulutse."