Gambeta

Nsapato yanga yakumanzere inang'ambika Lamulungu
pabwalo lafumbi kuseri kwa njanji, ku Rosario,
pamene kamtsikana ka ku Tablada, kovala nambala seveni,
kanapendekera kumanja ngati kakupita,
ine n'kupitadi.
Iko kanatsala. Kenaka kanadutsa mbali inayo,
ndipo anthu atatu okhala pakhoma anakuwa: gambeta!

Lolemba ndinaitengera kwa Bertolotti, wosoka nsapato.
Analowetsa chala pabowopo, chala n'kusuzumira kunja.
"Aldana, uku si kung'ambika kwa liwiro.
Phazi linafuna kubwerera, nsapato ikadali pa ulendo."

Pabenchi panali Ledesma, amene anakalambira kubusa,
akuyamwa tiyi wowawa m'chikho ndi kampope kachitsulo.
Poti misomali inali isanapezeke, ndinangofunsa:
kodi mawu amenewa anachokera kuti?

"Pa sitima," anatero Bertolotti, ulusi uli kukamwa.
"Atate a atate anga anatsika nawo padoko,
m'thumba limodzi ndi nyundo iyi.
Kwawo ku Italiya mwendo amati gamba.
Gambeta ndi kamwendo basi,
kamwendo kopingasa povina,
kamwendo kotchera mnzako pogwetsana.
Bodza linayambira m'mwendo."

Ledesma anaika chikho pansi mosafulumira.
"Sitima inabweretsa dzina, mwina.
Mwini dzina inam'peza konkuno.
Unayamba wathamangitsapo nyandu iwe,
chimbalame chosauluka cha kuchidikha?
Uli pahatchi, miyala itatu ikuzungulira pachingwe pamwamba pa mutu,
icho chitambasula phiko limodzi, ngati chikuti ndikhotera uku.
Uponya. Miyala ikulunga mphepo.
Icho chili kale uko, fumbi lokha likukuseka.
Abusa anzanga ankatchula mawuwa tsiku ndi tsiku,
ena mwa iwo mpira sanaugundepo."

Anakangana mpaka madzi a m'ketulo anazizira,
wina mwendo, wina phiko.
Ine ndinakhala pabokosi, phazi limodzi lili m'sokosi,
ndikuonanso kamtsikana kaja m'mutu.

Sikananene kanthu. Sikanalumbire.
Chiuno chake chinangoyamba chiganizo,
ine, wofulumira kumva, ndinachimaliza ndekha.
Ndi mmenenso zinakhalira ndi Fermín chaka chatha:
anakoleka jekete pampando wanga,
anasiya mswachi m'kapu,
ine n'kukagula mapilo awiri.
Pano ali ku Córdoba.
Mswachiwo ndimakwechera matope a nsapato.

Ndiye mawuwa kwawo n'kuti?
Mwina si m'mwendo, mwina si m'phiko.
Mwina anabadwira m'kamwa mwa wotsala atakhala pansi,
akuyang'ana pamalo pamene munthu amayenera kukhala.
Wozemba alibe nthawi yotcha zinthu maina,
iye akuthamanga.
Dzina amapereka ndi wogwa,
akusasa fumbi pathako.

Ndinafuna kuwauza zimenezi,
koma Ledesma anali ataimirira, akuonetsa ndi mkono
mmene phiko limanamira,
ndipo anagwetsa chitini cha guluu.

"Ubwere Lachinayi," anatero Bertolotti,
maso ali pa kalendala, mawu ali olimba.
Ulendo uno sindinayang'ane maso.
Ndinayang'ana manja:
anali atatola kale nsapato ya munthu wina.

Ndinadziyesa wochenjera, ndinapita Loweruka.
Inali isanakhudzidwe n'komwe.