Bedi Lapakona

Ine Casilda, mkazi wa malemu Eusebio,
ndili ndi mabedi khumi ndi awiri
m'nyumba yomwe kale tinkasungiramo tirigu,
m'mbali mwa njira yopita ku Santiago.
Foni yanga ndi yapakhoma,
ya chingwe chopotana ngati matumbo a nkhuku.
Maina ndimalemba ndi pensulo,
poti miyendo ya munthu sichedwa kusintha maganizo.

Amaimba ali pamtunda, mphepo ikuwalanda mawu.
Wina anagula simu kadi pabwalo la ndege ku Madrid,
ya masiku makumi atatu,
osadziwa kuti matuza adzamuwonjezera sabata;
lero mayi wa mufoni akumuuza m'chinenero chathu
kuti zake zatha, iye n'kumathokoza.
Wina wabwera ndi nambala yakwawo ku Korea,
mphindi iliyonse ikumudyera mtengo wa buledi,
amangoti, "Bedi. Mmodzi. Lero,"
n'kudula ngati wagwira khala lamoto.
Mtsikana wa ku Brazil alibe kadi n'komwe.
Akuti yake ndi yosaoneka, inalowa yokha
atajambula kabokosi ka timadontho.
Ndinamufunsa, nanga ikatayika umaifunafuna pati?

Gonzalo, mwana wa mlongo wanga,
akuti ndiike nyumbayi pa intaneti,
anthu azingodina, ndalama izilowa ndili mtulo,
eni makinawo akutapako lawo gawo.
Ndinakana. Anandisiyira foni yake yakale,
yong'aluka galasi, ya Watsapu.
Tsopano mauthenga amafika pakati pa usiku
atamasuliridwa ndi makina:
"Mayi olemekezeka, kodi muli ndi chisa
cha mapazi awiri otopa?"
Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Ndinayankha kuti chisa chilipo.

Koma Lachiwiri lija.
Dzuwa lisanafike paliwombo buku linali litadzaza.
Bedi lapakona, pafupi ndi zenera,
ndinalembapo Torvald,
yemwe anaimba netiweki ikudukaduka,
nalumbira kuti faifi koloko imupeza pakhomo panga.

Folo koloko kunagogoda nkhalamba.
Ndodo, chigoba cha nkhono chopachika pachikwama,
nsapato imodzi yomanga ndi waya.
Ndinamufunsa ngati anaimba.
Anatambasula manja onse awiri, opanda kanthu,
n'kundionetsa ndi zala momwe foni inaterereka
kuchoka m'thumba kugwera mumtsinje,
masiku asanu apitawo.
Anamwetulira pofotokoza.
Ndinayang'ana buku, buku linandiyang'ana.
Ndinati kwadzaza.
Ndinamudzazira botolo, n'kumulozera mudzi wotsatira,
makilomita asanu ndi anayi, opanda mtengo ndi umodzi womwe.
Ndinamuona akuchepa m'minda ya tirigu
mpaka anasanduka nyerere.

Faifi inakwana. Sikisi.
Alendo anga ataunjikana pa soketi imodzi ya m'khonde
ngati ana a nkhumba pa bere,
aliyense akusakira kale bedi lamawa,
nkhope zikuwala mobiriwira.
Seveni ndinaimba nambala ya Torvald.
Anayankha mkazi wa makina,
mwaulemu, m'chinenero chozizira chomwe sindimva.
Mwina batire linafa. Mwina bondo.
Mwina anapeza kofewa chapafupi, n'kuiwala
kuti kwinakwake dzina lake lagona pabedi.

Usiku umenewo bulangeti lapakona linakhala lopindapinda,
mwezi ukuligonera.
Ine sindinagone.

Dzina lija ndinafufuta,
koma pensulo ndinali nditaidinikiza kwambiri;
mukapendeketsa tsambalo ku kuwala, likuwerengekabe.

Chiyambire tsikulo, ofunsa pafoni
ndimawauza kuti mabedi anga ndi khumi ndi limodzi.
Lapakona silimva kuitana kwa foni iliyonse,
ya kadi, yopanda kadi, yapakhoma.
Limamva kugogoda.
Gonzalo amawerengera pa zala mayuro omwe ndikutaya,
ndipo sakunama, masiku ambiri limagona lokha.
Madzulo ndimatulutsa mpando pakhomo,
foni yong'aluka ija ikunjenjemera m'thumba la epuloni,
maso anga ali kunjira,
kumene fumbi limayamba kutuwa.