Masitepe a ku Valparaíso

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinasenza mabotolo a gasi
m'mapiri a mzinda uno,
ndikugogoda chitsulo ndi sipanala kuti amayi asuzumire pazenera.
Masitepe ndinkawadziwa ngati mano a m'kamwa mwanga,
ngakhale lija lobenthuka la pafupi ndi khomo la mayi Leontina.

Koma silinali lobenthukalo limene linandigwetsa.
Linali sitepe labwinobwino, Lachiwiri, kunja kuli ngwee.
Bondo linangoti thyo!
botolo n'kutsika lokha, likulira ngati belu,
mpaka kumsewu wa kudoko.

Atandisoka anandipereka kwa Ximena,
mtsikana woti ndikanatha kumubala.
Anandigoneka pamphasa ya labala,
napinda thaulo, naliika kunsi kwa bondo.
Kanikizani, anatero. Gwirani pomwepo. Werengani mpaka teni.
Ndinafika pa folo.

Anandipatsa lamba wachikasu, wofewetsetsa pa onse.
Ine amene ndinkaponya makilo makumi anayi paphewa ndikuimba mluzu,
thukuta linati kamukamu pokoka kachingwe,
mwendo ukunjenjemera ngati wa mwanawang'ombe wobadwa m'mawa womwewo.

Bondoli silinakulakwireni, a Eleuterio, anandiuza.
Chiuno chinagona tulo kalekale,
akakolo anauma gwa,
ndiye ilo linkagwira ganyu ya anthu atatu
popanda wolifunsa kuti ladzuka bwanji.

Ndinakwiya. Lachinayi sindinapite.
Lolemba ndinabwerera, ndodo ili patsogolo, manyazi ali pambuyo.
Sanandifunse kanthu. Anangoloza pamphasa.

Wachikasu unapita, kunabwera wofiira.
Wofiira unakhalitsa, chisanu chonse,
mphepo ya kunyanja ikulowa m'chipsera ngati singano.
Ndinaphunzira kukhala pampando mosadzigwetsa,
kudzukapo manja ali pachifuwa,
kutsuka mano nditaima ndi mwendo umodzi
uku Herminia akufa nazo tseka pakhomo la bafa:
ndinakwatiwa ndi mwamuna, lero ndikusunga kakowa!

Chimene palibe anandiuzapo ndili mnyamata n'chakuti
kukwera n'kwa mapapo,
koma kutsika n'kwa bondo.
Sabata zisanu ndi imodzi tinathera pa kabokosi kamodzi ka matabwa,
kutsitsa chidendene pang'onopang'ono
ngati pansi pali dzira la eni.

Tsopano lamba ndi wobiriwira, amakhala m'thumba la ovolosi.
M'mamawa, lole isanalire,
ndimagwira chitseko chake, n'kunjuta kakhumi,
kuzunguza akakolo, kutambasula msana mpaka uyankhe.
Nibaldo, mnyamata amene ndimagwira naye, amandiyang'ana akutafuna buledi.
Mwayamba kuvina, madala?
Iye amalumpha masitepe awiriawiri, botolo lili pakhosi,
mawondo ake akadali osalankhula.

Sindimulalikira.
Dzulo ndinangosiya lamba wachikasu uja pampando wake.
Anamangira chitseko cha lole chimene chimagwedera.
Mawa ndimubweretsera wina.