Chitseko Sichinama

Loweruka m'mawa ku Ginnery Corner
galimoto ziwiri zagona moyandikana pa simenti,
zazifupi msinkhu ngati zikuzemba mphepo,
ina yofiira, ina yotuwa.
Maso anga anali atakwatiwa kale ndi yofiirayo.

Ndinabwera ndi Che Likaka a ku Ndirande,
amene zikhadabo zawo sizinayerepo chiwadziwireni,
zaka makumi atatu akugona pansi pa galimoto za eni
chonsecho kwawo amabwerera pa minibasi.

Wogulitsa, Gomezgani, mnyamata wonunkhira perefyumu,
anawerenga mahatchi a mu injini
ngati akuwerenga ng'ombe za malowolo.
Akuti masekondi asanu basi, mwafika pa handiredi.
Che Likaka anafunsa, Handiredi ya kuti, mwanawe?
Pa Chichiri anthu akamaweruka?

Mipando yachikopa sanaiyang'ane n'komwe.
Anatsegula chitseko cha yofiira n'kuchitseka,
kutsegulanso, kutsekanso, khutu ali tcheru.
Chinalira kuti phwa, ngati chitini cha mabisiketi.
Cha yotuwa chinangoti di,
liwu limodzi, la munthu wosakonda kubwereza.

Anayendetsa chala m'mpata wa boneti,
kuno chikulowa, uko chikukana.
Imeneyi inagundapo, anatero,
ndipo woiwongolayo anali ndi changu cha Lachisanu.
M'thumba la ovolosi munatuluka kamaginito.
Kanamata apa, kanamata apo,
pamwamba pa tayala lakumbuyo kanagwa pansi.
Apa si chitsulo, mayi, ndi phala lopakidwa utoto.

Tinalowera msewu wa ku Chilomoni.
Zimitsani wailesi, galimoto ilankhule yokha.
Pa hampu yoyamba yofiira inakhula mimba,
m'dashibodi munayamba kulira kanthu
ngati khobidi lotsala lokha m'kachitini.
Kanyali kachikasu kanaphethira kamodzi n'kuzima.
Gomezgani anati, N'kasensa chabe.
Kasensa kameneko kali ku Joni, anayankha mkuluyo,
kadzabwera pa basi ndalama yakunja ikapezeka,
inu mukukwera kabaza, kiyi ali m'chikwama.

Ndinawauza zoona.
Ndimafuna ndikamalowa pa geti la ku ofesi
a Nkhonjera, amene anandilumpha pa udindo,
atembenuke khosi mpaka liwawe.
Anaseka, mano awiri akusowa.
Khosi limatembenuka kawiri, anatero,
pamene mukudutsa
ndi pamene akukukokani pa chingwe.

Yotuwa inalibe nkhani.
Inakwera chitunda cha ku Namiwawa osachita wefuwefu,
inakhota pa kona ngati yagwira phula ndi zala,
buleki inaima pamene phazi lanena.
Buku lake la sevisi linali lothimbirira,
chidindo chilichonse pa mwezi wake.
Che Likaka anayala katoni, anakwawira pansi,
anakhalitsako mpaka ndinayamba kuchita manyazi.
Potuluka anangoti, Kouma ngati Okutobala.

Ndinasaina dzanja likulemera
ngati wosiya chibwenzi n'kulola mwamuna wofatsa.

Papita mvula ziwiri tsopano.
Maenje a ku Machinjiri yawalawa onse,
yagona nane pa mzere wa petulo mpaka mbandakucha,
usiku umene mayi anakomoka
inalira kamodzi kokha n'kutifikitsa ku Queens.
A Nkhonjera sanatembenukepo.
Che Likaka ndimangopita kukawapatsa moni,
amadandaula kuti anadzilanda okha ntchito.

Koma yofiira ija ilipo.
Dzana yandipitirira pa Kameza,
ikuwala ngati tomato wothiridwa madzi pa msika,
woyendetsa chigongono chili pa windo.
Kaya kanyali kaja kakuyaka, sindikudziwa.
Khosi langa linatembenuka lokha,
ndinaitsata ndi maso mpaka inazimirira.

Nditafika pakhomo ndinatuluka,
ndinakankha chitseko ndi chiuno, manja ali ndi katundu,
ndipo chinandiyankha monga mwa masiku onse,
di.