Chaka Chimene Chiswe Chinadya

Bambo anga, a Jowakimu, anabadwira tsidya la mseu.
Pa Lizulu pano dziko limathera pa phula:
nkhuku ya ku Mozambiki imadzatola madeya ku Malawi
n'kubwerera kukaikira kwawo.
Iwo anawoloka nthawi ya nkhondo,
sipanala m'thumba, mayi awo kumsana,
ndipo sanabwererenso.

Zaka makumi atatu ndi mphambu chigayo chawo chalira
mpaka khutu limodzi linagontha.
Chitupa chokhalira m'dziko muno ali nacho,
amachisunga m'jumbo ya shuga.
Koma chaka chino anati: "Tereziya,
ndatopa kukhala mlendo wokhazikika.
Ndikufuna chala changa chide ndi inki
tsiku la chisankho, ngati cha amako."

Ku ofesi, a Nangozo, magalasi ali pamphuno,
ananyowetsa chala n'kuvundukula mafomu.
"Zithunzi zilipo. Mboni zasaina. Za kupolisi, izi.
Nanga za msonkho?
Tione kuti munkapereka, chaka ndi chaka, osadumpha."

Tinatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati.
Malisiti anatuluka ngati ngumbi mvula itakata:
a pinki, achikasu, omanga ndi mphira wa chubu,
ena olemba kalaliki amene manda ake anatitimira kale,
ena a makina atsopanowa, oyera mbee,
inki inathawa ngati wangongole.
Tinawayala pamkeka, ine ndikutchula zaka,
bambo akutsendereza lililonse ndi mbatatesi
kuti mphepo ya Juni isaliulutse.

Pakati pa mzere panatsala mpata
ngati m'kamwa mogweruka dzino.
Chaka cha njala.
M'ngodya ya sutikesi munali dothi lofiira basi.
Chiswe chinadya chaka chathunthu,
n'kutisiyira theka la chidindo
ndi zilembo zitatu: kwa.

Bambo anakhala duu, akusisita bondo.
"Chaka chija chigayo chinkagaya mphepo.
Munthu ankabwera ndi chimanga cha m'chipewa,
wina ndi mizu ya nthochi youmika.
Ukanamulipiritsa chiyani?
Ndinkasesa gaga pansi n'kumugawa ndi chitini.
Koma msonkho ndinapereka. Ndinagulitsa njinga.
Miyendo iyi ikukumbuka,
inachoka ku boma wapansi."

Ndinayang'ananso fomu ija.
Palibe mzere wa njinga.
Palibe kabokosi kochongamo maliro onse
amene anagayira ufa osalandira khobidi,
kapena njerwa za kalasi ya Sitandade 5,
kapena mchimwene wanga Alufeyo
amene tinamupereka ku dothi la Ntcheu ali ndi zaka zinayi.
Kumeneko sapereka lisiti.

Lolemba tinalawirira kwa a msonkho.
Mnyamata wa tayi anagogoda makiyi, napukusa mutu:
kompyuta siidziwa zaka zimenezo, inabadwa mochedwa.
Mabuku akale alipo, m'chipinda chakuseri,
koma wosunga kiyi wapita ku zovuta kwa Ganya.
"Mubwerenso Lachinayi, madala. Mwina tikalipeza."
Bambo anathokoza ndi manja awiri.
Amathokoza ngakhale mawu oti mwina.

Mu minibasi anakumbatira envulopu pachifuwa
ngati khanda lochokera ku sikelo.
Sanagone, sanayankhule,
amangowerenga zaka ndi milomo
n'kupunthwa pamalo omwe aja.

Galimoto yochokera ku boma imaima kumanzere.
Kondakitala anakoka chitseko: "Lizulu, tsikani!"
Tinatsikira pakati pa milu ya kabichi ndi anyezi,
mbali imene anabadwira.
Mayi wina anawaitana ndi dzina laubwana.
Anakweza chipewa, koma sanaime.
Anayang'ana uku, nayang'ana uko,
anadikira lole ya feteleza idutse,
kenako anandigwira dzanja ngati ndikadali mwana,
tinawoloka.