Silinda Yachitatu

Anaikoka ndi ng'ombe ziwiri
kuchokera kutsidya kwa Mtayamoyo,
pikapu ya malemu Bitoni Semba,
matope a Ruo ataumira m'mipando.
Inagona m'madzi masabata atatu,
kenako zaka ziwiri pansi pa mtengo wa nimu,
nkhuku zikuikira pomwe ankakhala mwini wake.

Nditamasula hedi kunatuluka fungo la dambo,
la mlamba wofera m'ukonde.
Mapisitoni anayi ali duu,
ngati akamwini onyanyala chakudya.
Ndinathiramo dizilo, n'kukhala pansi.
Theka la ntchito iyi n'kudikira.
Lachisanu ndinatenga chipika cha tsanya ndi hamala,
n'kugogoda pang'onopang'ono
monga ugogodera pakhomo
pa munthu amene unam'kongola ndalama.
Yoyamba inatsika. Yachiwiri. Yachinayi.
Yachitatu inandikanira mpaka Lolemba.

Dzimbiri lili pawiri,
ankatero a Fulaye pondiphunzitsa ku Nchalo,
ndudu ili kukhutu:
lina limangodzola, ngati fumbi la Okutobala pankhope,
lina limadya.
Maso amanama, mphwanga, funsa chikhadabo.

Ndinakulunga sandipepa pakathabwa,
kuviika m'palafini,
kupala mopingasa, uku, uku, kutembenuza,
dzuwa la Bangula likuphika masipanala
mpaka osagwirika,
thukuta likudonthera momwe ndapala kale,
mchere wanga womwe ukuitana dzimbiri lina.
Pofika madzulo zitatu zinayera
ngati m'kati mwa beseni latsopano.

Koma yachitatu.
Chapakati pali mzere wozungulira
pomwe madzi anaima n'kukhazikika,
mzere womwe uja uli pakhoma la sukulu ku Makhanga,
pamwamba pa bolodi,
umene laimu wakanika kuubisa kawiri konse.
Pansi pa mzerewo, nthomba.
Ndinayendetsa chikhadabo: chinakodwa.
Ndinapalanso, ndinapukuta, ndinayendetsanso.
Chinakodwa.

A Nyachirenje anabwera pakabaza,
ndalama za thonje zili pamfundo ya chitenje.
Iyenda?

Ndikanatha kunena kuti eya.
Malingi atsopano, gasiketi, kumanga, kukankha,
ikanalira ndithu, ana akanaithamangira,
ikanafika ku Ngabu ikufuka utsi wabuluu,
ikumwa oyilo ngati chidakwa cha pamsika,
n'kudzafa mvula isanagwe,
ine ndalama nditadya kale.
Ndili ndi lendi. Ndili ndi mwana wa Fomu Thu.
Mawuwo anafika mpaka pamano.

Ndinawapempha dzanja.
Chala chawo cholimba ndi khasu
ndinachitsitsa m'silinda, mumdima,
mpaka chinaima chokha.
Anakhala chete nthawi yaitali.
Ndiye anati, osandiyang'ana,
Apa ndi pomwe anafika madzi.
Bambo anu anali padenga pake usiku umenewo,
akuti galimoto siisiyidwa yokha.

Ndinawauza zonse.
Buloko iyenera kukwera Thabwa, kukafika ku Limbe,
akaiboole, akaiveke silivi,
khoma latsopano m'kati mwa lakale.
Ndinatchula mtengo.
Anamasula mfundo, kuwerenga, kuwerenganso,
ngati ndalama zimaswana ukazibwereza,
n'kumanganso ndi mano.
Thonje la chaka chamawa, anatero.
Kapena mbuzi zikachuluka.

Kabaza atapita ndinatenga girisi wodzaza dzanja,
kupaka makoma onse anayi,
ochira ndi wodwala yemwe,
mokhuthala, osaumira.
Mapisitoni ndinawalemba manambala ndi msomali,
kuwakulunga m'malaya anga akale.
Pamwamba thumba la feteleza, kumanga ndi lekeni.

Kumapiri a Thyolo mitambo yayamba kuda.
Ndaitana anyamata anayi a pasiteji,
tainyamula buloko, tikubuula,
taikweza pamigolo iwiri yosanjikiza,
ndipo ndayeza ndi dzanja pachipupa cha galaja:
yapitirira mzere wa chaka chija
ndi zala zinayi.